Kandolo wa amayi

Lolemba, 7 Epulo 2025

Ndakumba mzere umodzi kumunda kwathu kuseri kwa Mushili. Kandolo, mbatata yathu ija, yaing'ono ngati zala zanga. Mbewu iyi amayi anabwera nayo kuchoka ku Katete, yofiira mkati, ndipo kuno kulibe wina ali nayo. Ikafa, basi yapita ngati eni ake. Msana ukuwawa.

Lachitatu, 9 Epulo

Amuna anga a Laston apoperanso. Chichotsedwereni ntchito ku mgodi, munda ndiye mgodi wawo: magambuti, chipewa, pampu kumsana. Mankhwala a tizilombo sapopera masamba okha ayi, amathira m'mizere momwe mpaka dothi kunyowa, ati mdani ali pansi. Pabotolo analemba kachivindikiro kamodzi, iwo amawonjezera "kuti amve." Ndatopa kulankhula.

Loweruka, 12 Epulo

Mwana wathu Zipporah wabwera kuchoka ku kosi yake ya zaulimi. Wafukula mzere ndi manja, watulutsa udzu tinakwirira mu Disembala, uli chikhalire osawola. Nyongolotsi olo imodzi.

Akuti m'dothi muli tamoyo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timawoletsa udzu kuti mizu ipeze chakudya. "Adadi, mwapha akuba pamodzi ndi ophika omwe."

Bambo ake: "Awe, iwe! Sukulu ya dzulodzuloyi?" Koma sanadye bwino.

Lamulungu, 13 Epulo

Kutchalitchi ndimangowodzera.

Lachiwiri, 15 Epulo

Mvula yatha. Mphukira ziyenera kupita kudimba kuti zidutse chilimwe, koma dimba lathu nalo analimwetsa mankhwala omwewo. Lotsala ndi la oyandikana nafe, ba Gershom ndi akazi awo ba Jenny, amene a Laston akhala akuwaseka chaka chonse kuti amalima ndi zitosi za nkhuku ngati kumudzi. Ndawauza a Laston kuti ndikapempha mzere ndekha. Ati ndikawachititsa manyazi. Ndalira, osati pang'ono. Ndawasowa amayi.

Lachinayi, 17 Epulo

Ndadula mphukira zooneka bwino, kamtolo kokwana m'chitenje. Ndili m'njira ndamva magambuti kumbuyo. Sindinacheuke.

Ba Jenny anatiyang'ana tonse awiri. "Mzere ulipo, ba Pauline. Koma icho chili kumsanacho sichilowa muno."

A Laston anaima, nkhope gwa. Ndinati tibwerera basi. Kenako anamasula malamba, pampu n'kuitsamiritsa kumpanda.

"Ba Gershom," anatero, mawu ali pansipansi, "manyowa aja mumathira bwanji?"