A Yesaya Jailosi ndi Chitsulo Chawo Choyezera M'matumbo

Bambo, lero pa 9 Juni 1986 zakwana zaka zinayi chitisiyireni.

Munali mthandizi wa dokotala pa kachipatala kathu kuno ku Lifuwu. Alimi a mpunga ndi asodzi ankabwera akuchita chimbudzi cha magazi, koma akangoona chitsulo choyezera m'matumbo, chachikulu ndi chozizira chija, ena ankapempha kuti akataye madzi, ulendo n'kukhala womwewo. Inu simunkawanyoza. Munkati munthu sathawa kuchira, amathawa ululu ndi manyazi. Munajambula china chocheperapo kuseri kwa kalendala, ndipo a Saidi okonza mainjini a maboti anakusulirani. Kanayi konse munawabwezera mukuti nsonga ikukanda, mpaka a Saidi anatsala pang'ono kuchiponya m'nyanja. Munamangirira kababu ka tochi kuti muziona m'kati, ndipo musanayeze munthu munkayamba mwachiviika m'madzi ofunda. Wodwala ankagona chammbali atafunda chitenje, osatinso kugwada ngati kale. Nkhani zimenezi munkabwera nazo mpaka pa mphasa tikudya, amayi akukuletsani, inu phwete kuseka.

Munthu mmodzi yekha ndi amene munamuphunzitsa kagwiridwe ka chitsulocho: Lawson, amene anadzakwatira mwana wanu Gladys. Tsono m'mimba mutayamba kukuvutani inuyo, Lawson anakupemphani katatu kuti akuyezeni. Munakana. Munati mpongozi savula pamaso pa mkamwini, ndipo kuchipatala chachikulu ku Lilongwe mudzapita mukakolola mpunga. Amayi anavomereza, ife ana tinavomereza, Lawson anangozyolika, poti mkamwini salimbana ndi apongozi. Mmene tinkafika nanu ku Lilongwe n'kuti patapita miyezi isanu ndi iwiri. Madokotala anakupezani ndi chotupa m'matumbo, ndipo anati chikanaoneka msanga, akanachichotsa.

Sitikukuimbani mlandu, Bambo, pakuti tonse tinakhala chete. Koma zimatiwawa. Amayi, a Ester, mpaka lero akamadutsa pachipatala amayang'ana kumbali.

Mwezi wathawu ang'ono anu a Luka anabwera ndi matenda ofanana ndi anu, ndipo mawu awo anali anu omwe aja, osasiyako n'limodzi lomwe. Ulendo uno Lawson sanazyolike. Anawauza mwaulemu kuti apongozi amodzi anawaika kale m'manda chifukwa cha ulemu, achiwiri ayi. Anatseka chitseko, anatenthetsa madzi, n'kuwayeza. Chotupa chinapezeka chikadali chaching'ono, ndipo achitidwa opaleshoni. A Luka sakumulankhula Lawson, ati anawachotsa ulemu. Alekeni akwiye, tawaona dzulo akupalasa njinga kupita ku Maganga.

Usani mumtendere, Bambo. Dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.

Ine mwana wanu Lena, m'malo mwa amayi, Gladys, Lawson ndi adzukulu anu onse.