Nyali yatsopano ya makorali a Vitorino

Lolemba, 1 Setembro

Nyali yatsopano yafika pa sitima kuchokera ku Cuamba. Yakale inapsa. Iyi ndi yowala mopyoza, mpaka kuthobwa m'maso. Kungoiyatsa, makorali onse, tamoyo tooneka ngati miyala ta m'akwariyo, anafinyika ngati nkhono yokhudzidwa. Amuna anga a Vitorino pampando wawo, kugogoda ndodo pansi. Ndazimitsa msanga.

Chiwagwireni matenda ofa ziwalo sayankhula. Chowadzutsa m'mawa ndi bokosi lagalasi limeneli, tamoyo ta m'nyanja yamchere timene ankabwera nato kuchokera ku Nacala akuyendetsa sitima. Tikafa timeneti, sindidziwa ndidzawadzutsa ndi chiyani.

Lachitatu, 3 Setembro

Nzeru yandipeza ku nazale ya fodya. Mbande sitiivundukula tsiku limodzi, dzuwa lingaiwaule. Udzu timapatula pang'onopang'ono. Ndadula neti yakale ya udzudzu zidutswa zinayi, n'kuyala pakati pa nyali ndi madzi. Pofika masana makorali atambasuka. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kaya n'kuthokoza, kaya n'kudandaula neti.

Lachiwiri, 9 Setembro

Ndachotsa chidutswa chimodzi. Korali lobiriwira lili bwinobwino. La nthambi lofiirira, limene iwo amalikonda, likadali ndi manyazi. Magetsi anathima m'mawa wonse, ndatakasa madzi a m'akwariyo ndi chikho kuti makorali asafe, mpaka mkono kuwawa. Ine mwana wa ku Chiuta, wokulira pa matemba, lero ndikulera miyala. Ndaseka ndekha.

Loweruka, 13 Setembro

Apongozi, mayi awo a Vitorino, afika kuchokera ku Amaramba ndi nsomba zouma ndi chinangwa. Ayang'ana akwariyo, ayang'ana ine. "M'nyumba ya wodwala simuphimba zinthu ngati pali maliro." Ndawafotokozera za mbande. Angoti eya. Eya wa apongozi ndimamudziwa ine.

Lachinayi, 18 Setembro

Ndinali ku Cuamba kukatenga mankhwala a bambo, mzere wautali, ndinagona konko. Pobwera ndapeza maneti achapidwa, apindidwa bwino pa tebulo. Nyali ili ngwee. La nthambi layera nsonga zonse ngati fupa.

Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe kuti apongozi asaone. Anachita ndi mtima wabwino, chopweteka n'chomwecho. Maneti ndabwezera onse. Bambo sanadye.

Lamlungu, 21 Setembro

Bambo sakutuluka kuchipinda. Nkhope kukhoma. Apongozi akusesa mwakachetechete, pa akwariyo akulambalala. Ndikuopa.

Lachisanu, 26 Setembro

Kunsi kwa nthambi kwabwerera kamtundu kofiirira. Pang'ono zedi, koma kalipo. Ndinawauza bambo ali chigonere, sanatembenuke n'komwe. Ndinati basi, ntchito ipitirire, ndichotseko chidutswa chimodzi.

Ndili chigwirire neti, kumbuyo kwanga ndodo go, go, go. Kucheuka, aima pakhomo okha, atatsamira chitseko, thukuta kamukamu. Maso pa dzanja langa. Milomo inalimbana kanthawi.

"Débora. Bwezera."

Apongozi mbale inawapulumuka. Mawu oyamba chichokereni kuchipatala, ndipo ndi ondikalipira ine! Ndabwezera. Tsopano ali pampando wawo, akuloza ndi ndodo kuti neti ndaiyala mopendekera.