Odwala a kwa Kanyimbi

Lolemba, 5 Febuluwale 2018

Mvula tsiku lonse. Ana a Fomu 3 theka sanabwere. Obwerawo ndangowapatsa ntchito, ine n'kukhala pansi ndi makaundula a kuchipatala.

Chaka chachitatu ichi ndili pa digiri yachiwiri. Masamu a malungo, kuwerengera momwe amafalira m'midzi ya kwa Nthache. Anzanga amene tinayambira limodzi anavala kale mikanjo. Petro, uja wa zisudzo, ankafufuza ngati anthu akaonera sewero la udzudzu amayamba kugona m'neti. Miyezi isanu ndi itatu, watha. Ine Taziona, mphunzitsi wa masamu, ndikadali pompano. Nsanje ndili nayo, sindibisa.

A Dokotala Francis, ondiyang'anira ku yunivesite, alemba kuti Juni akadutsa dzina langa lifufutidwa.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Manambala akukana. Mudzi wa Kanyimbi, wa m'malire uja, uli ndi anthu 412. Odwala malungo chaka chatha, malinga ndi kaundula wa chipatala chaching'ono cha kumeneko, 1,130. Ndiye kuti aliyense anadwala pafupifupi katatu, kuyambira khanda mpaka nkhalamba? Midzi yoyandikana nayo bwinobwino. Ndabwereza kanayi. Yankho lomwelo. Mutu ukuwawa.

Loweruka, 10 Febuluwale

Safunsa anadya phula. Njinga mpaka kuchipatala kuja, matope mpaka m'mawondo. A Deliwe, amene amalemba kaundula, aseka mpaka misozi. Akuti, “Aphunzitsi, masamu onsewo koma izi simukuzidziwa? A ku Mozambiki onse ndi a kwa Kanyimbi.”

Ndi momwe zakhalira kuyambira kalekale. Munthu wakutsidya akabwera kudzafuna mankhwala, akafunsidwa mudzi amatchula Kanyimbi. Kwawo chipatala ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, kuno maola awiri. Aliyense amadziwa, palibe amanena. A Deliwe akuti, “Ine ndimalemba zimene ndauzidwa. Udzudzu suonetsa pasipoti.”

Ndatsegula tsamba la Novembala, dzina loyamba kuliona la mayi aang'ono a Esime, ang'ono awo a amayi anga, okwatiwa kutsidya. Alimo kasanu. Kawiri iwo, katatu kamdzukulu kawo Liness. Ndimadziwa kuti amabwera, amafikira kwathu komwe kudzamwa madzi. Sindinaganizepo kuti ali m'manambala anga.

Potsanzikana a Deliwe asiya kuseka. “Izi ndi zathu za kuno. Musakazitengere kutauni.”

Lamulungu, 18 Febuluwale

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Ndichotse mudziwo? A Dokotala afunsa chifukwa. Ndiname kuti kuli dambo la udzudzu? Adzafuna kudzaliona, munthu uja sakhulupirira asanaponde. Chatsala ndi kunena zoona, ndipo zoonazo ndi zimene ndaletsedwa.

Zaka zitatu za maholide opanda holide. Ndatopa. Ndikufuna kumaliza basi.

Lachitatu, 7 Malichi

Ndawauza a Dokotala pa foni. Ndimayesa akalipa kuti ndataya chaka ndi manambala olakwika. Akondwa ngati awauza kuti kwabadwa mwana. “Nkhani ndi imeneyo, Taziona! Palibe analembapo.” Ndati koma anthu asavutike nazo. Akuti mayina sitilemba, ndisadandaule.

Mayina sitinalembedi. Ngakhale mudzi tautcha “Mudzi K”. Koma pa mapu pali kadontho kamodzi kofiira pamzere wa malire, ndipo wa kuno aliyense angakaloze ndi chala atatsinzina.

Ndisaname m'buku langa lomwe. Nditadula foni ndavina ndekha m'nyumba.

Lachisanu, 20 Epulo

Msonkhano wa ofufuza ku Blantyre. Wina za kolera, wina za nyimbo za kumaliro, wina masamu amene ngakhale ine sindinawamve. Petro ndi gulu lake achita sewero, anthu kuseka. Kenaka ine, mphindi khumi ndi zisanu. Andiombera m'manja ndithu.

Bambo wina wa tayi yofiira, wa ku ofesi ina yoona za mankhwala, wajambula mapu aja ndi foni. Funso lake limodzi: pa mankhwala amene amapita kumeneko, angati amathera kwa alendo? Ndayankha nthawi yomweyo. Nambala ndinali nayo pamutu, ndipo ndaitchula monyada ngati mwana wa Sitandade 2 amene wakhoza. Walemba m'kabuku, wathokoza.

Mu minibasi pobwera ndi pamene mtima unayamba kundiluma.

Loweruka, 12 Meyi

Oyesa avomereza. Digiri yatheka. Amayi alulutira pabwalo mpaka oyandikana nawo kutuluka.

Pamsika ndakumana ndi a Deliwe akusankha manachesi. Moni wanga ayankha ndi mutu. Kunabwera lamulo, akuti, wonena kuti ndi wa kwa Kanyimbi aonetse chiphaso cha unzika, wopanda abwerere. “Sabata ziwiri zino ndalemba 14 okha. Masamu anu akhala bwino tsopano, aphunzitsi.” Alipira manachesi awo, apita.

Walira mvula walira matope. Koma mvula ndalira ine, matope akuponda ndi ena.

Ndaimbira a Dokotala. Akuti n'zachisoni, koma ife ntchito yathu ndi kufufuza, malamulo amapanga ndi ena. Andikumbutsa kuyezetsa mkanjo.

Lolemba, 21 Meyi

Liness wamwalira dzulo. Zaka zinayi. Malungo.

Mayi aang'ono sanayese n'komwe kubwera kuno, anamva kuti akubweza anthu. Anayamba ulendo wautali uja, mwana kumbuyo. Sanafike.

Kusukulu ndaphunzitsa mapiriyodi onse anayi. Sindikudziwa zimene ndinanena.

Lachitatu, 23 Meyi

Tinaika dzulo kutsidya. Akazi onse pansi, ine andipatsa mpando. Ndakana, andikakamiza, akuti wophunzira wathu asadetse zovala. Ndakhala pamenepo ngati wakuba amene amupatsa mtolo kuti asunge.

Titachoka kumanda mayi aang'ono andiitanira kuseri kwa nyumba. Maso otupa, mawu atatha. Andigwira dzanja. “Taziona mwanangu, Chingerezi ukuchidziwa, akuluakulu amakumvera. Utilembere kalata. Uwauze kuti amene anakatinenera kumeneko sakutidziwa. Akanatidziwa sakanatero.”

Amayi anga ali pambali, akugwedeza mutu, akundiyang'ana monyadira. Ndati chabwino, ndilemba.

A Deliwe analipo pamaliro. Sanauze munthu kuti wowanenerayo ndi ine. Bola akanandiyalutsa pagulu, ndikanapuma.

Pepala lili apa chibwerere kusukulu. Ndalemba deti. Ndalemba “Okondeka bwana”. Ndafika poyenera kunena kuti wolembayo ndi ndani, ndipo bambo wa tayi yofiira uja akangoona dzinali andikumbukira.