Zilembo za Bambo pa Mwala

Lolemba, 4 Malichi

Amayi andipatsa kope la bambo. Akufuna kuti mawu a pamwala wa pamanda alembedwe m'zilembo zimene bambo anapanga okha, zoyambira kumanja kupita kumanzere. Amene amaziwerenga bwinobwino ndi amayi okha, ine ndimangotolatola. Achemwali akuti, "Si iwe wa makompyuta? Tione phindu la sukulu." Ndavomera msanga kwambiri.

Lachitatu, 6 Malichi

Ndajambula zilembo zonse 27. Vuto nali: mu kompyuta chilembo chilichonse chili ndi nambala yake pamndandanda wa dziko lonse, koma za bambo zilibe. Ndiye ndaziika pa manambala opanda mwini.

Poyamba pulogalamu yanga yolembera inaziyendetsa kuchokera kumanzere. Nditafufuza ndapeza kuti ikakumana ndi nambala yopanda mwini imayang'ana manambala oyandikana nayo. Ikakhala pakati pa zilembo zoyambira kumanja, nayonso imayambira kumanja. Ndasamutsira za bambo pa manambala opanda mwini a pakati pa zilembo zoterozo, zatheka. Ndalira pang'ono muofesi momwemo, chitseko nditatseka.

Lachisanu, 8 Malichi

Amayi aona pafoni yanga. Angoti, "Ndi iwowo." Ndatumiza mawuwo pakompyuta kwa wogoba miyala.

Lachiwiri, 19 Malichi

Wogoba watumiza chithunzi cha mwala. Chilembo chilichonse n'chokongola, koma mzere wonse wayenda chammbuyo, choyamba chili kumanzere.

Ndathamangira kumeneko. Kompyuta yake ndi yakale, fumbi la miyala lili mbuu pamabatani. Pulogalamu yake siyang'ana za oyandikana. Nambala imene siidziwa imangoiyambira kumanzere basi. Iye akuti, "Ine ndagoba zomwe makina andionetsa, achimwene. Mutu ndi mchira ndikanausiyanitsa bwanji?" Sakunama. Ndikanangomupatsa pepala losindikiza. Ngakhale kumufunsa kuti amagwiritsa ntchito pulogalamu yanji, ayi. Safunsa anadya phula.

Kufafaniza sikutheka, akuti mwalawo ndi wopyapyala, usweka.

Lachitatu, 20 Malichi

Achemwali pafoni: "Usawauze amayi. Maso awo aja, adzaima patali. Winanso ndani angadziwe?" Ndati chabwino. Manyazi akundidya, ndiponso ndawakwiyira achemwali chifukwa anena zimene ine ndimaganiza.

Lachisanu, 22 Malichi

Kuntchito sindinagwire kanthu.

Loweruka, 23 Malichi

Ndawatenga amayi kupita kwa wogoba, achemwali osadziwa. M'njira monse ndimafuna kuwauza, pakamwa panakana.

Mwala unali utatsamira khoma pafupi ndi mpopi. Amayi anagwada, anaika chala kumanja, n'kuyamba kutsata. Anaima pa chilembo chachiwiri. Kenako anasamutsa chala, anayambira kumanzere, milomo ikugwedezeka mpaka kumapeto. Wogoba anazimitsa makina ake.

Ndinayamba kufotokoza za manambala opanda mwini. Anandidula ndi dzanja.

"Kusukulu aphunzitsi anawamanga bambo ako dzanja lamanzere kumpando zaka zitatu kuti azilemba ngati anzawo. Sanatembenuke. Iwe wawatembenuza atamwalira."

Sanakweze mawu. Ndinati tigobetsa wina, amayi. Anati ayi, aike womwewo, dzina la munthu siligobedwa kawiri. Wogoba anawagwira mkono kuti adzuke, ine ndili chilili.

Titafika kunyumba anandiuza kuti ndibweze kope la bambo. Ndabweza.