Abwana akuti ndivule masiki mu ndege

Aphungu,

Ndimagwira ntchito yotumikira apaulendo mu ndege. Anzanga anasiya kalekale kuvala masiki, koma ine ndimavalabe chifukwa cha amuna anga. Anawaika impso ya mchimwene wawo, ndipo mankhwala amene akumwa amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Kachimfine komwe ine sindingakagonere n'komwe, iwo kamawagoneka m'chipatala.

Mwezi watha tinanyamula bambo ena achikulire. Ndege itayamba kugwedezeka, ndinawauza kuti amange lamba. Anangondiyang'ana. Ndinabwereza mokweza mpaka anthu kucheuka. Kenako analoza khutu lawo, n'kuloza pakamwa panga. Ndinaganiza kuti akunyoza masiki monga achitira ena, choncho ndinangowamanga lambayo ndekha n'kuchokapo. Mpaka kutera sanadye kanthu, manja atagwiritsa mpando.

Mwana wawo wadandaula ku kampani. Akuti bambowo samva, amawerenga milomo, ndipo unali ulendo wawo woyamba wa pa ndege. Ankangofuna kudziwa ngati ndege ikugwa.

Abwana anandiitana n'kunena kuti, "Mayi, anthu sakwera ndege kuti aziona maso okha. Muvule, apo ayi musiye zouluka, mukakhale ku desiki." Amuna anga akuti, "Vula, ine si dzira." Koma ndikudziwa kuti akungondilimbitsa mtima. Nditani?

E. T., kufupi ndi bwalo la ndege

Mayi E. T.,

Pano pali nkhani ziwiri, musazimange mtolo umodzi.

Masiki sinamange bambo aja lamba ngati katundu, munawamanga ndinu. Munthu analoza khutu, inu n'kumva chipongwe chifukwa munazolowera kunyozedwa. Pemphani kampani ikufikitsireni chipepeso kwa iwo, chachifupi, chopanda "koma".

Pakamwa mukatseka, ntchito yake igwireni ndi ziwalo zina. Weramani kuti maso anu afanane ndi a munthuyo. Lozani lamba, onetsani ndi manja, gwedezani mutu. Kukuwa sikuthandiza amene samva, kumangomuchititsa manyazi. Muziyenda ndi cholembera m'thumba. Aliponso masiki oonekera pakamwa. Gulani imodzi, mukaivale pamaso pa abwana anuwo, muwafunse ngati akuonabe maso okha. Kodi munawafotokozera za matenda a kunyumba? Mwina akungoti ndinu wamakani.

Za kuvula, musafunse amuna anu. Mwamuna wodwala amavomera zilizonse kuti asaoneke mtolo. Pitani nawo kwa dokotala wawo, mumufotokozere ntchito yanu, anene yekha ngati mungatsitse masiki pang'ono polankhula ndi munthu wosamva.

Chenjerani ndi chimodzi: dokotala akakana, abwana n'kukananso, musavule pofuna kusangalatsa aliyense. Kakhaleni ku desiki. Mu ndege mukhoza kudzabwereramo, koma alamu anuwo alibe impso ina yoti apereke.

Aphungu