Pa Vidiyo Amuna Anga Amangoyang'ana Pansi

Aphungu,

Amuna anga, a Rodwell, ali ku Joni chaka chachiwiri tsopano. Ananditumizira foni yamakono kuti tizionana pa vidiyo. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndimakwera pachulu cha kuseri kwa chigafa, pomwe netiweki imagwira, n'kuwaimbira.

Koma Aphungu, chiyambireni sanandiyang'anepo m'maso. Amangozolika ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Munthuyu ndimamudziwa, akamanama ndi pamene amayang'ana pansi. Tsiku lina akulu anga a Vainess anasuzumira pafoniyo n'kunena kuti, "Kodi sukuona? Akuchita manyazi. Kumeneko kuli wina."

Nditawafunsa amuna angawo anati, "Make Mwayi, inuyo ndi amene simundiyang'ana. Mwapeza wina, eti?" Ndinadula foni n'kulira pachulu pomwepo. Ankhoswe ndawauza kale, akumana Loweruka likudzali. Mtima ukuwawa chifukwa ndimawakonda. Nditani?

T.C., Kabudula

Mayi T.C.,

Mtima pansi. Kalata yanu yandiseketsa, komanso yandimvetsa chisoni. Tengani foniyo. Pamwamba penipeni pali kadontho kakuda. Kameneko ndi kamera, diso la foni. Nkhope yanu imaonekera m'munsi mwa kadonthoko, ndiye munthu akamayang'anitsitsa nkhopeyo, kwa inu amaoneka ngati wazolika. Kuti aoneke ngati akukuyang'anani m'maso, ayenera kusiya nkhope yanu n'kumayang'ana kadontho. Ndani angasiye nkhope ya mkazi wake chifukwa cha kadontho?

Musangokhulupirira ine. Bwerekani foni ina, muwapatse a Vainess, akaime mbali ina ya chulu chija, muimbirane. Muona kuti nawonso azolika, ndipo sindikhulupirira kuti akubisa mwamuna.

Mukatero aimbireni a Rodwell Loweruka lisanafike. Yambani ndinu kupepesa, poti munadula foni ndinu. Kenako aliyense ayang'ane kadonthoko kwa kanthawi kuti mnzake amuone m'maso. Ankhoswe auzeni kuti nkhani yatha, akapalire fodya wawo.

Chenjezo langa ndi ili: maso a pafoni si mboni. Sangatsimikize kuti munthu ndi wolakwa, ngakhalenso kuti ndi wokhulupirika. Mukadzaona zina zokayikitsa mudzafunse mwini wake, osati osuzumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa nkhani iyi yokha, mlandu palibe. Bambo uja amene munkafuna kumutengera kwa ankhoswe, Lamulungu lililonse amakhala akuyang'ana inuyo.

Aphungu