Tadala Amuchotsa mu Timu

Lachinayi, mwezi wa Meyi. Kunja kwazizira, koma ine mtima uli myaa.

Pochokera ku ntchito ku chipatala ndapeza mwana wanga Tadala atangokhala m'galimoto pakhomo. Mabwana a kalabu yake ya ragibi amuchotsa. Chiyambireni korona masewera anaima, ndiye mabwanawo anati adula malipiro a osewera. Anzake anasankha iyeyo kuti akawalankhulire, poti ndiye wapakamwa. Lero pa msonkhano wa pa kompyuta wati nawonso mabwana adzidulire malipiro awo. Wapampando wangomuzimitsira maiki, iye akungoyasamayasama. Chonsecho anzake onse anali atasaina kale dzulo kuvomera kudulidwa malipiro, aliyense payekha, osamuuza. Omwe aja amadzadya kwathu kuno ku Mirrabooka, ku Australia, mpaka kunyambita mbale!

"Amayi, palibe ndi mmodzi yemwe wandiikira kumbuyo," watero m'Chingerezi chakecho, maso ali psuu.

Ndamuyankha kuti, "Anakutsogoza dala, nawe unavomera. Bambo ako sakuvutika ku migodi kuti iwe uzithyoka mafupa. Lolemba ukalembetsenso ku yunivesite ku Bentley."

Wandiyang'ana ngati mlendo. Chakudya sanachikhudze.

Chisoni ndilibe. Ndakhala ndikupempherera zimenezi chisiyireni iye sukulu. Bambo ake ataimba foni ndawauza kuti Mulungu watimvera. Panopa ndikumumva kuchipinda akuimbira anzakewo mmodzimmodzi, palibe akuyankha.

Nsapato zake zosewerera ndaziika kale m'thumba la zovala zopereka ku tchalitchi. Akazifunsa ndingoti sindinazione.